Dikishonale Imene Bambo Anga Ankasuta

Chingerezi ndinachilephera kawiri. Ndanena poyera, chifukwa anthu ambiri akamakamba za sukulu amalumpha pamene anagwa. Masamu ndinakhoza, sayansi ndinakhoza, Chishona ndinakhoza mpaka kuposa ana a eni chinenerocho, koma Chingerezi cha Fomu 4 chinandikana kawiri konse. Ine ndinkafuna kukaphunzira unamwino, ndipo kumeneko ukapita wopanda Chingerezi sakutsegulira n'chitseko chomwe.

Tinkakhala m'komboni ya pulazi lina kufupi ndi Macheke, momwe ndinabadwira. Bambo anga anachoka ku Dedza ali kamnyamata, kutsatira amalume awo, ndipo anakalambira m'shedi yosankhira fodya. Anali mkulu wa osankha onse. Tsamba la fodya ankangoligwira ndi zala ziwiri, osaliyang'ana n'komwe, n'kuliponya pamulu wake. Mapulazi atagawidwa, mzungu mwini pulazi atachoka, ife tinatsala m'komboni momwemo chifukwa tinalibe mudzi wopitako. Bambo ndi amayi anayamba maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku m'minda ya alimi atsopano: lero kupalira kwa uyu, mawa kuthyola fodya kwa uja.

Zotsatira zachiwiri zitatuluka, amayi anati basi, mwanayu wayesetsa, agwire khasu. Sananene mwankhanza ayi, anali atangotopa. Koma bambo anati, "Alembe kachitatu. Koma iwe, umve bwino, kachitatu n'komaliza. Ukagwanso, mzere wako ukudikira pafupi ndi wa amayi ako." Mzere umenewo ndinkaudziwa. Anzanga amene tinkakhala nawo benchi limodzi kusukulu anali kale m'menemo, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, mwana kumbuyo. Ndinkawakonda anzangawo, koma moyo wawowo sindinkaufuna.

Vuto langa linali mawu. Ndime ya m'mayeso ndinkaiwerenga ndithu, koma mzere uliwonse unkakhala ndi liwu limodzi kapena awiri amene sindinawaonepo chibadwire, ndipo ndikafika kumapeto ndinkakhala nditasokera kalekale. Kunyumba tinkalankhula Chichewa, panja Chishona, Chingerezi tinkachisiya pageti la sukulu. M'nyumba mwathu ndinkadziwamo buku limodzi lokha, la nyimbo za kutchalitchi, la amayi.

Lamlungu lina masana, bambo anali pakhonde akupichira chimonera, fodya wodzipichira wekha amene ku Malawi amati chingambwe. Ndinawabweretsera madzi akumwa, ndipo maso anga anagwera pakapepala kanali m'zala zawo. Kanali kopyapyala, koyera, kodzaza timalemba ting'onoting'ono m'mizere iwiri.

"Ababa, pepala limenelo mwalitenga kuti?"

"Ndili nawo ambiri," anatero monyadira. Analowa m'nyumba, nakatulutsa thumba la feteleza pansi pa bedi, ndipo m'thumbamo munatuluka chibuku chonenepa chopanda chikuto. Anati tsiku limene anthu ankagawana za m'nyumba ya mzungu, ena atanyamula zitseko, wina firiji ngakhale kwawo kunalibe magetsi, iwo anatola bukuli padzala kuseri kwa ofesi. Zala zawo zinawauza kuti pepala lotere silipezekapezeka: silinunkha, silizima, limapsa pang'onopang'ono.

Nditatsegula, ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Inali dikishonale. Dikishonale yeniyeni, yaikulu kuposa ya aphunzitsi athu, itagona pansi pa bedi zaka zonse zimene ine ndinkalephera mayeso!

"Mayo ine! Ababa, mwakhala mukusuta Chingerezi changa!"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga ndikanadziwa bwanji? Iwe unandiuzapo kuti ukufuna buku lopanda zithunzi?"

Ndinathamangira kumapeto kwa buku. Z kunalibe, Y kunalibe, W, V, U ndi T yense zinali zitapita ndi utsi. Ndinawafunsa chifukwa chake anayambira kumapeto, ndipo anandiyang'ana modabwa, nati fodya amathyola kuyambira masamba am'munsi, munthu wanzeru sayambira kunsonga.

Ndinati andipatse bukulo pomwepo. Anakana. Anati buku ndi lawo, analitola okha, ndipo munthu sangalandidwe katundu ndi mwana amene anamubereka yekha. Tinakangana mpaka amayi anatuluka kudzationa. Pomaliza bambo anagamula okha mlandu wawo womwe: tsiku lililonse m'mawa azing'amba pepala limodzi n'kundisiyira. Akamabwera ku maricho ndizikhala nditaliloweza. Azindifunsa, ndikakhoza azilisuta. Ndikalephera, iwo agona osasuta.

Musaone ngati chilangocho chinali chawo okha. Bambo anga akapanda kusuta ankasanduka mavu. Mchere wachepa, mpando wapendekeka, galu wawayang'ana moipa. Ndiye amayi, amene poyamba ankati ndigwire khasu, ndi amene anakhala kapitawo wanga. Akamanyamuka m'mawa ankati, "Iwe, uloweze pepalalo, ine sindikufuna phokoso madzulo."

Tsiku loyamba lomwe ndinaona kuti sizitheka. Pepala limodzi, kuno ndi kuseri, linali ndi mawu ochuluka zedi. Ndinadandaula, ndipo bambo anandiuza kuti ndibwere nalo, ntchito yosankha ndi yawo. Kuwerenga Chingerezi sankadziwa, zilembo ankangozizindikira chifukwa cha matikiti a pamabelo. Koma analiyala pepalalo pabondo monga ankayalira fodya, naliyang'anitsitsa, kenako anathyola kamtengo ka machesi.

"Kumsika tsamba lalitali ndi lolemera ndilo limagulidwa bwino," anatero. "Tizidutswa timapita ku sikirapu. Liwu likaposa kamtengoka, ndi giredi yoyamba, uloweze. Likachepera, usataye nalo nthawi."

Ine ndinaona kuti n'zanzeru kwabasi. Ndani akanatsutsa munthu amene belo lake silinabwezedwepo ku okushoni? Kuyambira tsiku limenelo ndinkayenda ndi kamtengo ka machesi m'thumba la diresi, ndikuyeza mawu. Sumptuous. Surreptitious. Resplendent. Recalcitrant. Liwu lililonse ndinkaliloweza pamodzi ndi tanthauzo lake la m'Chingerezi momwemo, mmene analembera, osasiya ndi kachidontho komwe. Madzulo dzuwa likapendeka, bambo akasamba m'manja, ankakhala pakhonde n'kuloza ndi chikhadabo. Ine ndinkaliwerenga liwulo, n'kutembenukira kukhoma, n'kuimba tanthauzo lake mosapumira. Iwo ankatsinzina, akugwedeza mutu.

"Eee, amenewa ndiwo mawu. Ukuwamva kulemera kwake?"

Akatero ankalipinda pepalalo kanayi, n'kupichira, n'kuyatsa, nkhope ili mwee. Mawu ena anawakonda mpaka kuwatenga kukhala awo. Tanthauzo analibe nalo ntchito. Ng'ombe za mlimi wina zikamakana kukoka, ankazikalipira kuti "Surreptitious!" ndipo zinkayenda. Amayi akavala yunifolomu yawo ya Lachinayi, bambo ankaimirira n'kunena kuti "Recalcitrant!" Amayi ankati, "Ngati mukunditukwana, Mulungu akukuonani." Masiku amenewo m'nyumba mwathu munali kuseka, ndipo ine ndinkadziona kuti ndikukhuta nzeru. Tinatsiriza S, tinadutsa R ndi Q, tinalowa mu P nyengo yozizira ili pakati.

Nthawi imeneyo amayi anamva kutchalitchi za amisitiresi ena opuma pantchito, a ku Macheke komweko, amene ankathandiza obwereza mayeso Loweruka lililonse. Anali amayi achishona, aafupi, a magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Tsiku loyamba anatiuza kuti aliyense alembe chimangirizo chofotokoza kwawo. Ha! Mumtima ndinati lero adziwa kuti m'komboni mumakhalanso anthu. Ndinakhuthula thumba lonse. Chiganizo chilichonse ndinachisenzetsa mawu awiri kapena atatu a giredi yoyamba, ndipo popereka pepalalo ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Loweruka lotsatira anzanga atapita, amisitiresi anandiuza kuti nditsale. Pepala langa linali psuu ndi inki yofiira.

"Mwanangu," anayamba m'Chishona, mofatsa, "komboni yanu ndimaidziwa, ndinkabwerako kudzagula mbatata. Nyumba yachifumu walembayi ili pati?"

Analoza liwu limodzi, resplendent, nandifunsa tanthauzo lake. Ndinayamba kuimba nyimbo yanga ija, koma anakweza dzanja.

"Zimenezo ndi za mwini buku. Iwe undiuze m'Chishona, kapena m'Chichewa chanucho, ndimamva pang'ono."

Ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Analoza lina, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi. Miyezi inayi yathunthu, ndipo panalibe liwu ndi limodzi lomwe limene ndikanatha kulifotokozera munthu. Amisitiresi anavula magalasi nati, "Sindikubisira. Ukakalemba chonchi mu Novembala, ugwa kuposa kawiri kaja."

Ulendo wobwerera ndinayenda m'mbali mwa msewu wa ku Mutare ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Ndinayamba ndi kuwanyoza amisitiresi, kuti n'kaduka, sakufuna mwana wa m'komboni adziwe mawu oposa awo. Pofika pamphambano yolowera kupulazi mkwiyo unali utasamukira kwa bambo. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato, ndipo ndinawaponyera pepala lija pamiyendo.

"Onani mawu anu olemera aja! Kamtengo kanu ka machesi kandipha ine!"

Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinalankhulira. Mwana wina akanalandira khofi. Bambo anangotola pepalalo, naliyang'ana kuno ndi kuseri, nandiuza kuti ndikhale pansi ndifotokoze zonse mmene anenera amisitiresi, osachotsa kanthu. Ndinafotokoza ndikusisima. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Liwu lija ndimauza amayi ako Lachinayi, m'chinenero chathu ndi chiyani?"

"Sindikudziwa, Ababa."

"Nanga lija la ng'ombe?"

"Sindikudziwa."

Anaika nsapato pansi. Anayang'ana kumabani akale owotchera fodya, amene tsopano anali opanda madenga. Kenako anayamba kundiuza za chinthu chimene ankadana nacho kuposa china chilichonse pantchito yawo. Anati alipo anthu amene podinda belo amayala fodya wokongola pamwamba ndi m'mbali, koma pakati n'kubisamo zinyalala, nthawi zina ndi miyala yomwe, kuti lilemere. Ogula amaling'amba pakati n'kulowetsa dzanja. Akapeza zimenezo belo limabwezedwa, ndipo dzina la pulazi limanunkha chaka chonse. Anati m'shedi mwawo munthu wochita zotere ankamutulutsa tsiku lomwelo.

"Ndiye taona," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndakalamba osachitapo zimenezo, lero ndadinda belo lachinyengo ndi manja angawa. Belo lake n'kukhala mwana wanga."

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinkadziwa kuti si mlandu wawo, woloweza ndinali ine. Tsiku limenelo sanasute, ndipo sanakalipire aliyense, ngakhale galu.

Loweruka linalo anadzuka n'kuvala jekete lawo la kumaliro. Amayi anawakumbutsa kuti kuli maricho okumba mbatata, iwo anati mbatata sizithawa. Tinayenda limodzi mpaka ku Macheke, ine kumbuyo ndikupemphera kuti asakandichititse manyazi pamaso pa anzanga. Atafika anavula chipewa, nagwada pang'ono, naomba m'manja mwaulemu wa kuno, nayamba kulankhula Chishona chawo chopindika chija chimene anakhala nacho moyo wonse osachiwongola.

"Amayi, mwanayu musamuone ngati wouma mutu. Katundu munamubweza uja ndinalongedza ndine." Anatulutsa kamtengo ka machesi n'kufotokoza zonse, za giredi yoyamba, za sikirapu, za kusuta komwe.

Amisitiresi anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, bambo nawonso anayamba kuseka, ine ndekha ndiye ndinkafuna pansi patseguke. Atapuma anati, "Baba, makolo ambiri a ana awa sanabwerepo pano. Inu mwalakwitsa chifukwa munayesa. Tsono mverani. Liwu ndi la munthu ngati angathe kulifotokoza m'chinenero cha kwawo, n'kuligwiritsa ntchito pa chinthu chimene anachiona ndi maso ake. Utali wake ulibe kanthu. Ndipo musamawatenge m'buku motsatana. Atoleni kumene akugwira ntchito, m'buku muzingokafunsa."

"Nanga womuyesa akhala ndani, poti ine Chingerezi sindichidziwa?"

"Inuyo ndiye woyenera. Ine akhoza kundinamiza ndi mawu a m'buku. Inu mukapanda kumva, ndiye kuti nayenso sanamve."

Pobwerera bambo ankayenda mwachangu, akulankhula okha. Pafupi ndi kwathu anaima n'kunena kuti zimenezi ankazidziwa kale, anangoiwala. Bambo anga anali a gule, oimba ng'oma odziwika m'makomboni onse a kumeneko, ngakhale amayi anali a tchalitchi. Anati kudambwe kuli mawu ambirimbiri amene munthu wamba sawadziwa, ndipo iwo anawaphunzira onse popanda pepala, chifukwa liwu lililonse ankapatsidwa pamodzi ndi chinthu chake, uku akuchiona. Ndinati, "Ndiuzeniko limodzi, Ababa, ndione ngati likuposa kamtengo ka machesi." Anandiopseza ndi chipewa nati ndisafune kuwaphetsa.

Kuyambira tsiku limenelo dikishonale inapuma. Bambo anati liwu lililonse latsalamo likhoza kufunika, ndiye sang'ambanso. Anabwerera kupichira fodya m'makoko a chimanga, akudandaula tsiku ndi tsiku kuti amakanda pakhosi, kuti mwana wawalanda chuma chawo, kuti ndikadzakhala namwino ndidzawagulire buku lina loti asute lonse kuyambira A.

Tsopano iwo ndi amene anakhala wotola mawu. Ankabwera ku maricho matumba a jekete atatupa: chipepala chomatula pachigubu cha mankhwala, chidutswa cha nyuzipepala yokulungira matimati, kapepala ka m'bokosi la mapiritsi. Ankaloza paliponse pamene chala chagwera. Ine ndinkawerenga chiganizo chonse, n'kuyamba ndaganiza ndekha kuti liwulo likuchita chiyani pamenepo, kenako n'kufunsa m'buku, kenako n'kuwafotokozera m'Chichewa. Akamva, ankapereka chitsanzo chawo, ine n'kuchilemba m'Chingerezi m'kope.

Dilute ndinati ndi kuthira madzi kuti chinthu chichepe mphamvu. "Ngati tiyi wa amayi ako alendo akachuluka," anatero, amayi n'kuwaponyera chitsononkho. Grudging ndinati ndi kuchita chinthu mtima usakufuna, monyinyirika. Anati ameneyo ndi ine potsuka mbale. Koma akapanda kumva sankanamizira. Ankati, "Apo wangondizunguliza. Bwerezanso," ndipo ndinkabwereza mpaka kanayi, ndikupsa mtima, mpaka tanthauzo litatuluka loyera.

Liwu limene linawasangalatsa kwambiri linali lalifupi zedi, damp. Ndinati ndi chinthu chimene sichinanyowe koma sichinaumenso, chachinyezi. Anadumpha pampando. Anati umo ndi mmene fodya amayenera kukhalira asanamugwire: akauma kwambiri amafumbutuka, akanyowa amaola, ndipo luso lonse la m'shedi linali kudziwa pakati pamenepo. "Kaliwu kakang'ono chonchi kanyamula ntchito yanga yonse? Ndiye ine ndikanakataya ku sikirapu!" Lina silinawaseketse. Hazardous linali pachigubu cha mankhwala opopera amene anakhala akusakaniza ndi manja zaka zambiri. Nditafotokoza kuti ndi chinthu choopsa, chokhoza kuvulaza kapena kupha, anayang'ana zikhatho zawo, ndipo m'mawa mwake anapita kumunda atatenga mapulasitiki ovala m'manja, awo ndi a amayi.

Tsiku lina, mayeso atatsala milungu itatu, sanabweretse chipepala chilichonse. Anapisa m'thumba lam'kati n'kutulutsa chitupa chawo cha boma, chachitsulo, chitafufuma m'mbali. Analoza liwu limodzi.

"Ili ndayenda nalo nthawi yaitali. Likuti chiyani?"

Linali alien. Ndinkalidziwa kale, ndinali nditaliyang'ana ndekha mwakachetechete. Ndinatsegula buku kuti ndipeze nthawi, kenako ndinati, "Likuti mlendo, Ababa."

Anandiyang'ana mmene ankayang'anira tsamba lokayikitsa. "Mlendo amamuphera nkhuku. Wandibisira pakati. Bwerezanso."

Ndinabwereza. "Likuti munthu amene si wa dziko lino. Wakwina."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati apo ndiye ndanena zoona, ndipo ndalidziwa liwulo. Anafunsa ngati m'bukumo alembamo kuti munthu amasiya liti kukhala wakwina, akakhala kuti mano ake onse anagwera kuno ndipo amalume ake anawaika kuseri kwa mabani aja. Ndinati sanalembe. Anati, "Basi, buku nalonso lili ndi polekezera," nabweza chitupa m'thumba. Kenako anandiuza kuti ndipange chiganizo, monga mwa masiku onse. Ndinalemba kuti bambo anga amatchedwa wakwina m'dziko limene analimanga ndi manja awo. Nditawamasulira anati n'chabwino, koma ndichotse kudzitama, iwo sanamange dziko, anangosankha fodya.

Mayeso anafika mu Novembala, kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana. Pa chimangirizo panali mutu wonena za malo amene sudzawaiwala. Ndinalemba za shedi yosankhira fodya mmene ndinkaionera ndili wamng'ono ndikamapititsa chakudya: fungo lotsekemera lija, kuwala kolowera pamalata oonekera, akazi atakhala m'mizere, bambo anga akuyenda pakati pawo osalankhula. Mawu aatali ndinaikamo atatu okha, amene ndinkatha kuwayankhira. Pa pepala lachiwiri anatipatsa mawu oti tipereke matanthauzo ake monga agwirira ntchito m'ndime. Awiri sindinawaonepo, ndipo onse anali a zilembo zimene bambo anasuta kalekale. Ndinatsala pang'ono kuseka m'chipinda cha mayeso. Ndinawerenga chiganizo chonse kawiri, ndinadzifunsa kuti bambo ndikanawauza chiyani, ndipo ndinalemba chimenecho.

Kukhoza kapena kugwa, sindinadziwe. Kawiri konse kaja ndinkatulukanso ndikuganiza kuti zayenda. Podikira zotsatira panalibe chifukwa chokhalira pakhomo, ndiye ndinalowa maricho pamodzi ndi makolo anga. Tinkathyola fodya kwa mlimi amene anapatsidwa chigawo cha kumtsinje. Unkalowa mumzere mame ali thoo, wowerama, masamba ukupanikiza m'khwapa, pofika masana msana ulibe mwini. Utomoni unandidetsa manja mpaka sopo anagonja. Akazi anzathu ankandiseka mwachikondi kuti anamwino afika, odwala msana afole apa. Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkaona kuti ndayamba kuzolowera, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandiopsa kwambiri.

Mu Febuluwale mphekesera inafika kuti zotsatira zatuluka. M'mawa mwake ndinapempha kapitawo wa pamundapo kuti andisungire mzere wanga, ndibwera dzuwa lisanafike pamutu. Ndinasamba, ndinavala nsapato zanga za kusukulu, ndinapita ndekha. Bambo anafuna kundiperekeza, ine ndinakana. Ndinati ndikagwa ndikufuna ndiyambe ndalira pandekha.

Akalaliki a pasukulu anandipatsa kapepala atakapinda. Sindinakatsegule pomwepo. Ndinatuluka pageti, ndinayenda mpaka pamtengo wa bulugamu. Nditatsegula ndinaona B. Ndinatseka, ndinatsegulanso, ndinayang'ana dzina ngati ndi langadi. Inali B yomweyo.

Sindikumbuka mmene ndinayendera njira yobwerera. Ndimangokumbuka ndili m'mphepete mwa munda, mpweya utandithera, ndikukupiza kapepalako m'mwamba. Anthu anali pakati pa munda, mitu yokha ikuoneka pamwamba pa fodya.

"Ndakhoza! Amayi, ndakhoza! Ababa!"

Amayi anataya masamba onse anali m'khwapa, chinthu chimene kapitawo sankakhululukira munthu, nayamba kuvina m'matope momwemo. Nthungululu zinabuka munda wonse, anzanga a benchi limodzi aja ndiwo ankakuwa kuposa onse. Bambo anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana. Sanakuwe, sanaseke. Anangondiyang'ana kuchokera patali pomwepo.

Usiku wake kunali kutagwa mvula, m'mizere munali matope. Ndinawerama n'kuyamba kuvula nsapato kuti ndithamangire kwa iwo, ndiponso mzere wanga unali ukundidikira monga ndinalonjezera kapitawo. Nditavula imodzi, ndinamva mawu amene sindinawamvepo kwa bambo anga, aakulu, osweka pakati.

"Ima pomwepo!"

Ndinaima.

"Ababa, mzere wanga..."

"Mzere wako ndimaliza ndine. Vala nsapato."

Anatembenuka, nawerama, nayamba kuthyola, uku wawo uku wanga, dzanja lamanja kwina lamanzere kwina. Amayi anawaitana kuti abwere adzaone kapepalako, iwo sanadzutse mutu. Ndinaona akupukuta kumaso ndi phewa, kawiri, katatu. Ine ndinaima m'mphepete mwa munda, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, ndikulira mokweza ngati kamwana, mpaka msana wawo unabisika m'masamba.